Sabata Imene Masheya a Sopo Anakwera

"Katoni ya sopo! Munthu kuthera mphamvu zako zonse m'fakitale muja, lero akutsanzike ndi katoni ya sopo? Tizidya sopo pakhomo pano?"

Mawu a amayi ake anamupeza Kasopo ali pakhonde, chikwama cha mabuku chikadali kumsana. Anali atathamanga njira yonse kuchokera kusukulu, nkhani yabwino ikumuyabwa pakamwa, koma apa miyendo inaima yokha. Dzina lakuti Kasopo anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa bambo ake ankagwira ntchito kufakitale ya sopo ndipo fungo lake silinkachoka m'zovala za aliyense wa m'nyumbamo.

"Tsitsani mawu, mayi ake, anthu akumva," anatero bambo ake mkatimo.

"Amve! Ndi chinsinsi ngati? Si mawa lomweli akuonani mukuwothera dzuwa pakhonde ngati wodwala?"

"Sanachotse ine ndekha. Tonse okulunga sopo atichotsa. Ngakhale a Ndevu, munthu woti anayamba ntchito fakitale ija isanafoleredwe n'komwe."

"Nanga ndalama zanu za zaka zonsezi?"

"Akuti ife sitinali antchito okhazikika. Akuti tinkangolembedwa chaka ndi chaka."

"Ndiye inu mwangoti zikomo bwana, n'kusenza katoni?"

"Mumafuna ndimenye munthu?"

Kasopo analowa mwakachetechete. Bambo ake anali pampando wa pawindo, ovolosi ikadali m'thupi, manja atawasanjika pamaondo. Anali manja otuwa, ong'alukang'aluka ndi mankhwala a sopo, zikhadabo zina zitathothoka kalekale. Katoni ija inali pathebulo, pamalo pomwe amaika chakudya.

"Iwenso wabwera wefuwefu ngati wakupirikitsa galu, kwagwanji?" anafunsa amayi ake.

"Palibe, amayi."

"Palibe chiyani? Ndakuona pawindo ukudumpha ngalande. Nena."

"Ndapambana mpikisano uja. Wa masheya."

"Masheya ndiye chiyaninso?" anafunsa bambo ake osadzutsa mutu.

Kasopo anatula chikwama n'kukhala m'mphepete mwa benchi.

"Ndi kagawo ka kampani, bambo. Ukagula kagawoko, kampani ikapindula nawenso wapindula. Aphunzitsi a zamalonda anatipatsa ndalama zongoyerekeza n'kuti aliyense asankhe kampani yake. Anati musavutike ndi mabuku akuluakulu, kayang'aneni m'khitchini ndi kubafa kwanu. Chinthu chimene mayi wako amagulabe ngakhale zinthu zitavuta, kampani yake siingagwe. Ena anasankha ya mafoni, ena ya zakumwa. Ine ndinaona kuti amayi amatha kusiya shuga, amatha kusiya mafuta ophikira, koma sopo sasiya."

"Pamenepo sananame," anatero amayi ake.

"Ndiye unasankha yathu?"

"Eya, bambo."

"Ndiye yakwera?"

"Yaposa onse, m'sukulu zonse zimene zinalowa mpikisano. Makamaka sabata ino."

"Sabata ino," anabwereza bambo ake pang'onopang'ono. Apa ndi pomwe anamuyang'ana. "Chakweza n'chiyani sabata ino?"

Kasopo anayang'ana pansi. Panjira ponse sanaganizepo za funso limeneli, koma tsopano yankho lake linali pathebulo, m'katoni.

"Ndakufunsa, mwana wanga."

"Aphunzitsi akuti kunamveka kuti kampani ichepetsa ndalama zimene imawononga."

"Oo. Ndiye kuti zowonongazo ndife."

Kenaka amayi ake anafunsa motsitsa kuti mphotho yake n'chiyani. Kasopo anayankha kuti amene anathandiza mpikisanowo ndi kampani ya sopo yomweyo, ndipo wopambana amulipirira fizi ya kuyunivesite mpaka adzamalize. Amayi ake anakweza manja kuti awombe, koma manjawo anathera m'malere. Anakhala pansi n'kudzigwira pakamwa.

M'mawa mwake aphunzitsi a zamalonda, amene ana ankawatchula kuti a Phindu, analowa m'kalasi nkhope ili ngwee, nyuzipepala ili m'khwapa. Anajambula pabolodi mzere wokwera ngati phiri.

"Mukuona? Ndinakuuzani kuti msika wa masheya si wa anthu a mataye okha. Mnzanuyu sanapite kutali. Anangotsegula maso ndi makutu kunyumba kwawo. Tamverani zimene analemba pofotokoza chifukwa chimene anasankhira kampaniyi."

Kasopo anafuna kuwaletsa koma anachedwa. A Phindu anawerenga mokweza, akutsindika liwu lililonse.

"Bambo anga akuti kufakitale kwabwera makina atsopano okulunga sopo. Makina amodzi agwira ntchito ya anthu ambiri. Motero kampani izilipira anthu ochepa, sopo azigulidwabe monga kale, ndipo phindu lichuluka."

Kalasi yonse inawomba m'manja. Amene sanawombe ndi mwana wa a Ndevu, mnzake wa Kasopo wokhala naye desiki imodzi chiyambire pulayimale. Iye anangosonkhanitsa makope ake n'kukakhala kumbuyo.

Ana atatuluka, Kasopo anatsalira.

"Aphunzitsi, bambo anga ndi mmodzi wa anthu amene achotsedwa."

A Phindu anasiya kufufuta bolodi. Choko chinawatuwitsa mpaka m'zigongono.

"Sindinadziwe zimenezo. Pepa kwambiri."

"Simunatiuze kuti mzere ukamakwera pamakhala anthu amene akugwa."

"Ndinakuphunzitsani mmene msika umayendera. Kuti ndi wachilungamo sindinanenepo." Anakhala pathebulo n'kupuma mozama. "Tamvera. Bambo ako sunawachotse ndiwe. Ukanasankha kampani ya mafoni, makina aja akanabwerabe. Ine ndemwe ukundionayu ndimaphunzitsa za masheya koma sindinagulepo ngakhale imodzi, malipiro amathera panjira. Ndimafuna mmodzi mwa inu adzakhale mbali ya ogula, osati mbali ya ogulitsidwa. Mwayi wakupeza, usautaye."

"Ndikalandira bwanji mphotho kwa anthu omwewo?"

"Ukalandira ndi manja awiri. Mwambo uchitikira kufakitale komweko Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Akufuna ukayankhule pang'ono, ndiponso ubwere ndi bambo ako. Akuluakulu anakonda zoti unaphunzira kwa bambo ako, akufuna chithunzi cha nonse awiri. Anenetsa kuti popanda kholo mphotho ipita kwa wachiwiri."

Nkhani siinachedwe kuzungulira. Pofika Lachisanu inali itasintha kale maonekedwe: akuti mwana wa uje ndiye analembera mabwana kuti achotse anthu, ndipo amulipira. Amayi ake a Kasopo atapita kumpopi, amayi anzawo anasuntha zidebe zawo n'kuwasiyira mpata waukulu.

"Tungani msanga, apongozi a kampani," anatero wina. "Ife tilibe kothamangira, amuna athu ali pakhomo."

Amayi akewo anabwerako chidebe chili theka, maso ali psuu.

A Ndevu anabwera Lamulungu masana. Anali munthu wamkulu thupi, wa chifuwa chosatha chimene anachitenga m'fakitale momwemo. Iwo ndi bambo ake a Kasopo anaima pathebulo limodzi lokulungira sopo kuyambira ali anyamata. Kasopo anawapatsa mpando n'kupita kukatsuka mbale kuseri kwa chitseko, komwe ankamva zonse.

"Achimwene, zonena anthuzi ine sindizitengera," anayamba a Ndevu. "Mwana analemba zimene anamva, basi. Ndabwerera zina. Kuofesi ya zantchito angotizunguza, akuti bwerani mawa, bwerani mawa. Ndiye tagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, kapitawo akuitana aganyu okweza makatoni m'malole, theka la malipiro athu akale. Palibe wa ife akagwire. Chachiwiri, Loweruka la mwambo lija kubwera atolankhani ndi akuluakulu onse. Tikaima pageti ndi zikwangwani. Woyankhula mukhala inuyo."

"Ine?"

"Nanga ndani? Inu mumayankhula mofatsa, simutukwana. Ndiponso mukakweza manja anuwo, atolankhani sakafunanso umboni wina."

Bambo ake a Kasopo anayang'ana manja awo.

"Tsiku limenelo akundifuna mkati," anatero.

"Tamva. N'chifukwa chake ndabwera ndekha." A Ndevu anatsokomola mpaka misozi. "Achimwene, chithunzi chimene akufunacho si cha mwana. Akufuna kuti ife tikamalira pageti, iwo aonetse dziko kuti onani, wantchito wathu akumwetulira. Mukalowa, mwatimaliza tonse."

"Ndamva, achimwene. Ndikaima nanu."

A Ndevu atangotuluka, amayi ake a Kasopo anatulukira kuchipinda.

"Mwati mukaima ndi ndani?"

"Mwamva kale."

"Bambo ake, tandiyang'anani. Chikwangwani chidzamulipirira mwanayu fizi? A Ndevu adzamulipirira?"

"Anthu aja ndadya nawo, ndadwala nawo. Pamene ndinapsa dzanja, anandinyamula ndi a Ndevu kupita nane kuchipatala."

"Ndipo amene ankakusambitsani miyezi yonse ija ndi a Ndevu? Ine ndinasiya sukulu chifukwa cha fizi, inu chimodzimodzi. Taonani pomwe tafika. Mukufuna nayenso adzathere pa kuchapa zovala za anthu? Mukaima pageti, apolisi akakumenyani, mabwana akadutsa pagalimoto magalasi atatseka, Lolemba zonse zidzakhala mmene zinalili. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wanu adzakhala pakhomo."

"Ndiye ndigulitse anzanga?"

"Anakugulitsani kale ena! Inu mwatsala ndi chiyani choti mugulitse?"

Mawu amenewo anagwa moipa, ndipo amayi akewo anadziwa. Kasopo anatuluka kuseri kwa chitseko manja ali chonyowa.

"Bambo, ndikawauza aphunzitsi kuti sindikufuna. Apatse wachiwiri."

"Ukatero usadzanditchulenso mayi ako," anatero amayi ake.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero bambo ake. "Ndikufunse chinthu chimodzi. Pamene unkalemba zija, kuti makina agwira ntchito ya anthu ambiri, unkaganiza kuti anthuwo ndi ati?"

Kasopo anayesa kuyankha koma misozi inatsogola.

"Sindinaganize, bambo. Ndinkangoona ngati samu."

"Samu yake unakhoza," anatero iwo, osakwiya, n'kutuluka panja.

Masabata awiri otsatirawo m'nyumbamo munalowa mphepo. Bambo ake ankapita kumisonkhano ya anzawo kuseri kwa msika. Amayi ake anayamba kuchapa zovala za anthu a kumayadi, ndipo sopo wa m'katoni uja ndiye ankachapira. Shuga anatha, sanagulenso. Mwini nyumba anabwera kawiri, ulendo wachiwiri sanakhale pansi. Kusukulu a Phindu ankamuphunzitsa Kasopo zokayankhula, kuti pena apume, pena amwetulire. Mwana wa a Ndevu anasiya kubwera kusukulu. Anthu anamuona akugulitsa madzi ozizira pamalo okwerera basi.

Loweruka lija m'mawa, Kasopo atavala yunifolomu yake yosita, anapeza bambo ake ataima pabalaza atavala jekete yobwereka kwa mlamu wawo. Inali yaikulu m'mapewa, mikono yake yofika m'zala.

"Tiye," anatero.

"Bambo, simunakakamizidwe."

"Ndati tiye."

Amayi ake sanapite nawo. Anaima pakhomo atagwira chitseko.

Phokoso analimva akadali patali. Pageti la fakitale panali anthu ambiri, amuna ndi akazi awo, atanyamula zikwangwani zolemba pa makatoni a sopo. Apolisi anali ataima mzere kutsidya kwa msewu. Anthu aja ataona bambo ake a Kasopo anakuwa mokondwa, ena n'kuyamba kuwapatsa njira kuti apite kutsogolo. Kenaka anaona jekete, anaona yunifolomu ya mwana, ndipo chisangalalo chija chinazima ngati moto wothiridwa madzi.

A Ndevu anatuluka m'gulumo n'kuima patsogolo pawo.

"Achimwene, malo anu ndi awa. Takusungirani."

Bambo ake a Kasopo sanadzutse maso.

"Ndi mwana, achimwene."

"Nanga ife tilibe ana?"

Bambo akewo anamugwira Kasopo padzanja mwamphamvu mpaka kuwawa, n'kulambalala. Mlonda anatsegula kageti kakang'ono. Kumbuyo kwawo mayi wina anakuwa kuti, "Mukadye bwino!" ndipo wina analavula malovu amene anagwera pa mkono wa jekete. Bambo akewo sanapukute.

Mkati anali atamanga tenti pabwalo loimikapo malole. Munali mipando yovekedwa nsalu zoyera, maluwa, ndi zakumwa m'mabotolo. Kudzera pazenera lalikulu makina atsopano aja ankaoneka akulavula sopo wokulungidwa kale, munthu mmodzi yekha ataima pambali manja ali m'thumba. Bambo ake a Kasopo anawayang'ana kamodzi n'kutembenuka.

Zoyankhula zinali zambiri. A Phindu anafotokoza mmene mwana aliyense angaphunzirire msika wa masheya poyang'ana zimene amayi ake amagula kugolosale, ndipo anthu a mataye anagwedeza mitu. Kenaka anaitana Kasopo. Anaima kutsogolo n'kuyamba kunena zimene analoweza. Ali pakati pa kuthokoza kampani chifukwa choganizira tsogolo la achinyamata, kunja kunamveka kuphulika, kenaka kukuwa ndi mapazi a anthu othawa. Utsi wokhetsa misozi unalowa pang'ono m'tentimo, anthu n'kuyamba kutsokomola m'mipango. Woyendetsa mwambo anakodola wa zoimbira kuti akweze nyimbo, ndipo anamunong'oneza Kasopo kuti apitirize. Anapitiriza. Misozi imene inkatsika anthu anaiyesa ya utsi.

Mkulu wa kampani, bambo wonenepa bwino wa mawu ofewa, anapereka chikalata cha mphotho n'kuitana kholo. Anagwira dzanja la bambo ake a Kasopo, ndipo anadzidzimuka pang'ono ndi kukhakhala kwake.

"Mwalera bwino, bambo. Ana otere ndi amene tikuwafuna. Paja muli mbali iti kuno kwathu?"

"Ndinali kokulunga, bwana."

"Aa, chabwino, chabwino," anatero mkuluyo, maso ali kale kwa wojambula. "Tayandikirani kuno. Timwetulire tonse."

Wojambula anati bamboyo abise manja kumbuyo kuti chithunzi chioneke bwino. Anabisa.

Potuluka anapeza pageti pali mbee. Panali nsapato zotayika, zikwangwani zopondedwa, ndi magazi pang'ono m'mbali mwa ngalande. Mlonda anawauza kuti a Ndevu anagwa ndi utsi uja chifuwa chitawatseka, ndipo anawatengera kuchipatala pa wilibala. Ena angapo anali m'manja mwa apolisi.

Madzulo ake bambo ake a Kasopo anapita kuchipatala. Anabwerako msanga, kabotolo ka chakumwa kamene anawatengera odwalawo kali m'manja.

"Akazi awo anandibweza pakhomo la wodi," anatero. Anavula jekete ija, anaipinda bwinobwino, n'kuwapatsa akazi awo kuti akabweze.

Chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala Lolemba. A Phindu anachimata pabolodi la zidziwitso kusukulu, ndipo m'kalasi ananena kuti masheya a sopo akweranso, poti ogula aona kuti chisokonezo cha pageti chatha msanga. Ananena mosakweza mawu, osayang'ana kumene kunali Kasopo.

Lachitatu Kasopo anadzuka n'kupeza bambo ake atachoka kale. Amayi ake anati sakudziwa komwe apita, koma ananena akuyang'ana kumbali. Popita kusukulu anadzera njira ya kufakitale, ngakhale inali yozungulira.

Anthu aja anali atabweranso, koma ochepa, opanda zikwangwani, atakhala m'mbali mwa msewu pansi pa mpanda. Bambo ake anali tsidya lina, okhaokha, atakhala pa mwala, atavala ovolosi yawo yakale. Palibe amene ankawayang'ana. Kageti kanatseguka ndipo kapitawo anatuluka, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Aganyu okweza makatoni! Bambo a m'nyuzipepala, inu bwerani kaye, bwana anati tizikuganizirani."

Bambo ake anaimirira pang'onopang'ono, akugwira bondo. Tsidya lija munthu mmodzi anaseka kuseka kowawa. Kenaka wina anadzuka n'kuwatsatira, mutu uli pansi, kenaka winanso, mpaka pageti panapangika mzere.

Ali pafupi kulowa, bambo ake anatembenuka n'kumuona ataima pakona ndi chikwama chake. Anayang'anana. Kasopo anafuna kuthamanga kukawagwira, kuwauza kuti abwerere kunyumba, koma sanadziwe kuti kunyumbako akadya chiyani. Bambo ake anakweza dzanja n'kumukupizira kutsogolo, monga ankachitira ali wamng'ono akamazengereza panjira.

"Pita," anatero. "Uchedwa."

Kageti kanatsekeka, ndipo Kasopo anapita kusukulu.